Tsamba likakuponyani kwina, musathamangire kufufuta foni

Pali vuto lina lomwe ambiri ogwiritsa ntchito intaneti pa foni akulidziwa, ngakhale kuti dzina lake salidziwa. Munthu atsegula tsamba lomwe analizolowera, la sukulu, la wailesi kapena la bungwe lolengeza mipata ya ntchito, ndipo asanawerenge ngakhale mzere umodzi, foni yamufikitsa pa tsamba la njuga, la zolaula, kapena lomuuza kuti wapata mphoto. Akabwerera m'mbuyo, limubwezanso komweko. Mamega omwe anagula kuti aone zotsatira za mayeso athera pa zinthu zomwe sanazipemphe. Amisiri a makompyuta amalitchula vutoli pa Chipwitikizi kuti redireccionamento, kutanthauza kupatutsidwa panjira.

Zikatere, mlandu umagwa pa yemwe ali pafupi. M'nyumba za ku Assumane, monga m'mabairo ena a Lichinga, foni imodzi imagwiridwa ndi anthu angapo, ndiye mwana yemwe anaibwereka dzulo ndi amene amakalipiridwa. Tsamba la zolaula likatulukira pa foni ya mwamuna kapena ya mkazi, mawu amachuluka pakhomo. Mawa lake foniyo imapita kwa okonza mafoni kumsika, imafufutidwa yonse, zithunzi za ukwati, manambala a abale ndi makalata a sukulu n'kupita nazo. Mwiniwake alipira, abwerera kunyumba, atsegula tsamba lija, n'kuponyedwanso kumene kuja.

Nthawi zambiri foni imakhala ilibe vuto. Matenda amakhala pa tsambalo, makamaka pa tizidutswa tobwereka tomwe eni ake anaika pa tsamba loyamba. Maganizo athu ndi akuti mwini tsamba ali ndi udindo pa chilichonse chomwe chili pa tsamba lake, chobwereka ndi chomwe, ndipo nzika ili ndi ufulu wodandaula mmalo modziimba mlandu. Koma kuti munthu adandaule bwino, ayenera kudziwa kaye momwe zimachitikira.

Tsamba la pa intaneti silimangidwa ndi munthu mmodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Womanga amatenga zina kwa ena: kabokosi koonetsa nyengo, kowerengera alendo, koonetsa mtengo wa metikali poyerekeza ndi dola kapena kwacha, kochezera ndi alendo, kosonyeza zomwe zalembedwa pa Facebook. Timabokosi timeneti amatitchula kuti widget. Tambiri sitikhala pa tsambalo kwenikweni. Pa tsamba pamangolembedwa mzere umodzi wouza foni yanu kuti ipite kwa uje, ikatenge malangizo, iwatsate. Malangizowo amalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa JavaScript, ndipo foni yanu imawatenga mwatsopano kwa mwini kabokosiko pamene mwatsegula tsamba.

Apa ndi pamene pali chiopsezo. Malangizo obwerekawo akalowa, amakhala ndi mphamvu zofanana ndi za mwini tsamba. Angathe kusintha zolembedwa, kuwerenga zomwe mukulemba m'mafomu, kapena kukutumizani ku tsamba lina. Zili ngati mwini sitolo yemwe wapatsa mlendo kangodya koti azigulitsirapo, n'kumupatsanso makiyi a sitolo yonse. Mlendoyo akakhala wokhulupirika, zonse zimayenda. Koma akagulitsa malo akewo kwa munthu wina, kapena akaberedwa makiyi, wobwerayo amapeza chitseko chili chotsegula kale, mwini sitolo osadziwa kanthu.

Izi zinachitikadi. Kunali kachidutswa kotchedwa polyfill.io, komwe ntchito yake inali kuthandiza mafoni ndi makompyuta akale kutsegula masamba amakono. Kanali kaulere ndipo kanatumikira bwino zaka zambiri. Mu Febuluwale 2024 dzina lake la pa intaneti linagulidwa ndi kampani yotchedwa Funnull. Mwezi womwewo Andrew Betts, yemwe anayambitsa ntchitoyi, anachenjeza anthu kuti akachotse pa masamba awo. Ambiri sanamve, ena sankadziwa n'komwe kuti ali nako. Pa 25 Juni 2024 kampani ya chitetezo cha pa intaneti ya ku Netherlands, Sansec, inalengeza kuti kachidutswako kayamba kutumiza anthu a pa mafoni ku masamba a kubetcha ndi ena achinyengo, ndipo masamba opitirira 100,000 anali nako. Patangopita masiku ochepa kampani ya Namecheap inaimitsa dzinalo, ndipo Cloudflare ndi Fastly anali atapereka kale malo ena odalirika otengerako kachidutswako. Mu Meyi 2025 boma la United States linaika zilango za chuma pa Funnull chifukwa chothandiza masamba obera anthu ndalama. Pa masamba onse aja, akuba sanafunikire kuthyola chitseko cha aliyense. Anagula dzina limodzi basi.

Chomwe chinachititsa kuti nkhaniyi ivute kuizindikira n'chakuti malangizo oipawo ankasankha anthu. Ankagwira a pa foni n'kusiya a pa kompyuta. Ankagwira pa maola ena okha. Akazindikira kuti wotsegula tsambayo ndi woyang'anira tsambalo, ankakhala chete. Ankagwiritsanso ntchito dzina lofanana ndi la Google Analytics, atasintha zilembo pang'ono, kuti wofufuza mothamanga asaone cholakwika. N'chifukwa chake mlembi wa mu ofesi akhoza kutsegula tsamba pa kompyuta yake, n'kuona zonse zili bwino, n'kuuza wodandaulayo kuti foni yake ndiyo yodwala. Onse awiri akunena zomwe aona, koma woona zenizeni ndi wa foniyo.

Kachidutswa kabwino nakonso kangathe kulandidwa. Mu Febuluwale 2018 akuba analowerera Browsealoud, kachida ka kampani ya Texthelp kowerengera mokweza masamba anthu a vuto la maso ndi ovutika kuwerenga. Masamba opitirira 4,000, kuphatikizapo a boma la United Kingdom ndi a makhoti a ku United States, anayamba kugwiritsa ntchito makompyuta a alendo awo kupangira akubawo ndalama za pa intaneti. Palinso njira ina yofala kwambiri, yolowera pa tizidutswa takale ta WordPress, pulogalamu yomwe masamba ambiri ang'onoang'ono amamangidwira. Mu 2023 kampani ya Sucuri inati chiwembu chotchedwa Balada Injector chinali chitakhudza masamba a WordPress opitirira 1 miliyoni kuyambira 2017, kutumiza alendo ku mphoto zabodza ndi ku masamba opempha chilolezo chotumiza mauthenga.

Wina anganene kuti izi ndi za kutali. Kuno kwathu tinaonapo masamba a boma akulandidwa. Mu Febuluwale 2022 masamba angapo a boma la Mozambique, kuphatikizapo la INGD, bungwe loona za ngozi zadzidzidzi, ndi la ANE, loona za misewu, anasinthidwa nkhope ndi anthu omwe anadzitchula kuti ndi a ku Yemen, mpaka INAGE, bungwe loyang'anira ntchito za boma za pa intaneti, linawabwezeretsa. Chiwembu chimenecho chinali choonekera, aliyense anachiona tsiku lomwelo. Kupatutsa anthu mwakachetechete n'koopsa mwa njira ina, chifukwa kungathe kukhala miyezi osadziwika, kukudya mamega ndi ndalama za anthu mmodzimmodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono wowerenga achite chiyani tsamba likamuponya kwina? Choyamba ndi kusakhudza chilichonse pa tsamba lachilendolo. Musalembe nambala ya foni, nambala ya BI kapena NUIT. Musalembe nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ngakhale tsambalo litaonetsa chizindikiro cha Vodacom, Movitel kapena Tmcel, poti chizindikiro aliyense angathe kuchikopera. Likakuuzani kuti foni yanu ili ndi mavairasi ndipo muike pulogalamu yoyeretsera, dziwani kuti tsamba wamba silingathe kupima foni yanu, ndipo pulogalamu yomwe likukupatsaniyo ndiyo ingabweretse matenda. Likafunsa chilolezo chotumiza mauthenga, pomwe pamalembedwa Permitir ndi Bloquear, sankhani Bloquear. Kenako tsekani tsambalo.

Chachiwiri ndi kufufuza komwe kuli vuto, ndipo izi sizifuna ndalama. Tsegulani masamba ena atatu kapena anayi omwe mumawadziwa. Ngati onse akutseguka bwino ndipo limodzi lokha ndilo likukupatutsani, kaikirani tsambalo. Pemphani mnansi atsegule tsamba lomwelo pa foni yake, makamaka ngati ali pa netiweki ina. Likamuponya nayenso, nkhani yatha: foni yanu ilibe mlandu, mwana wanu alibenso mlandu. Likapanda kumuponya, musafulumire kutsutsa maso anu, chifukwa malangizo ena amagwira munthu ulendo woyamba wokha, ena amagwira okhawo omwe afika kudzera pa Google. Yesaninso pa zenera lachinsinsi, lomwe pa mafoni ambiri limalembedwa kuti navegação anónima, poti pamenepo tsamba limakuonani ngati mlendo watsopano. Amene amadziwa kulowa mu Definições za Chrome angathe kuzimitsa JavaScript kwa kanthawi n'kutsegulanso tsambalo. Kupatutsako kukasiya, ndiye kuti kukuchokera ku malangizo a pa tsambalo. Mukatha kumbukirani kuyatsanso, chifukwa masamba ambiri sayenda popanda JavaScript.

Koma ngati masamba onse akukupatutsani, kapena zotsatsa malonda zikungotulukira ngakhale simunatsegule intaneti, pamenepo vuto lili mu foni. Ngakhale zitero, kufufuta zonse ndi njira yomaliza. Yambani ndi kuona mapulogalamu omwe alowa posachedwa, makamaka omwe munalandira kwa anzanu kudzera pa Bluetooth kapena WhatsApp mmalo mowatenga pa Play Store, ndipo chotsani omwe simukuwadziwa. Lowani mu Play Store, yendetsani Play Protect kuti ipime foni. Mu Chrome, pitani pa Notificações, muchotse chilolezo kwa masamba onse achilendo, ndipo onani ngati tsamba loyambira silinasinthidwe. Pa kompyuta onaninso zowonjezera za bulawuza, zomwe amati extensões. Zonsezi zikakanika, sungani kaye zithunzi ndi manambala pa memori khadi kapena pa foni ina musanapereke foni kwa wokonza.

Ngati munalemba kale nambala yachinsinsi pa tsamba lachilendo, isintheni nthawi yomweyo ndipo dziwitsani kampani yanu ya foni kapena banki. Ndalama zikabedwa, pitani kupolisi kapena ku SERNIC muli ndi mauthenga ndi zithunzi za zomwe zinachitika. Kubera munthu kudzera pa kompyuta kapena pa foni ndi mlandu pansi pa Código Penal wa 2019, ndipo kuchepa kwa ndalama zomwe zabedwa sikuchotsa mlanduwo. Mbava zoterezi zimadalira kuti wobedwa mametikali 200 achita manyazi n'kukhala chete.

Chachitatu, chomwe ambiri timachidumpha, ndi kuuza mwini tsamba. Jambulani chithunzi cha zomwe zaoneka pa foni, adiresi ya pamwamba ioneke. Lembani tsiku ndi ola, mtundu wa foni, netiweki yomwe munali, ndiponso ngati munafika pa tsambalo kudzera pa Google, pa Facebook kapena polemba nokha adiresi. Zinthu zimenezi ndizo zimathandiza mmisiri kupeza vuto lomwe pa kompyuta yake silioneka. Ngati bungwelo lili ndi ofesi kuno ku Lichinga, kafikeni, kapena lembani m'buku la madandaulo pamene lilipo. Musatumize adiresi ya tsamba loipalo m'magulu a WhatsApp pofuna kuchenjeza anzanu, chifukwa ena aidina. Nenani dzina la tsamba lodwalalo, n'kuwauza ayambe alipewa.

Tsopano tilankhule ndi eni masamba: masukulu, mawailesi a m'madera, mipingo ndi mizikiti, mabungwe a alimi, mahotela, maofesi a boma. Munthu akabwera kudzakuuzani kuti tsamba lanu likumuponya kwina, mulandireni, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Yankho loti kwa ife zili bwino silikwanira. Tengani foni wamba, tulukani mu akaunti ya woyang'anira, zimitsani Wi-Fi ya mu ofesi, gwiritsani ntchito mamega, ndipo fikani pa tsamba lanu kudzera pa Google monga amachitira mlendo. Yesani m'mawa, yesaninso usiku.

Vuto likaoneka, sungani kaye kope la tsamba lonse momwe lilili, kuti pakhale poyambira kufufuza. Lembani mndandanda wa zonse zomwe tsamba loyamba limatenga kunja, ndi dzina la komwe chilichonse chimachokera. Zimitsani zonse, muone ngati kupatutsako kwasiya, kenako muziyatsa chimodzichimodzi, mukuyesa pa foni ulendo uliwonse, mpaka wolakwayo adziulule. Pakati pa kuyesa kulikonse yeretsani zosungidwa za bulawuza ndi za seva, kuopa kunamizidwa ndi tsamba ladzulo. Ngati mwazimitsa zonse koma vuto likadalipo, ndiye kuti akuba analowa m'kati mwenimweni: onani mafayilo omwe asinthidwa posachedwa, fayilo ya .htaccess pa maseva omwe ali nayo, zolembedwa mu database, ndi maakaunti a oyang'anira omwe simukuwadziwa. Sinthani mawu achinsinsi onse, konzani WordPress ndi tizidutswa take tikhale ta makono, ndipo tomwe eni ake anasiya kutisamalira tichotsedwe. Google Search Console, yomwe ndi yaulere, imachenjeza mwini tsamba ikapeza zoterezi, ndipo ndi komwe mumapempha kuti chenjezo lichotsedwe mukatha kukonza.

Kupewa n'kosavuta kuposa pamenepa. Pa kabokosi kalikonse dzifunseni ngati kali ndi ntchito. Kowerengera alendo kamathandiza ndani? Koloko ya pa tsamba ndi ya chiyani, pamene foni iliyonse ili ndi yake? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kabokosi kalikonse kosafunika kamadyanso mamega a mlendo ndi kuchedwetsa tsamba pa netiweki yofooka. Zomwe zili zofunikadi, pamene n'kotheka, sungani kope lake pa seva yanu mmalo mokatenga kunja tsiku ndi tsiku. Amisiri ali ndi zida ziwiri zomwe mabulawuza amakono amazimva. Subresource Integrity imauza foni kuti ikane fayilo yobwereka ngati yasintha ngakhale chilembo chimodzi. Content Security Policy ndi mndandanda wa malo okhawo omwe tsamba likuloledwa kutengako malangizo. Zonsezi sizigulidwa. Zimangofuna munthu wodziwa ndi maola ochepa.

Tikudziwa zomwe mabungwe ang'onoang'ono angayankhe: tilibe mmisiri, tilibe ndalama. N'zoona kuti tsamba limatha kumangidwa ndi mnyamata wodzipereka kapena ndi ndalama za pulojekiti, pulojekiti n'kutha, mnyamatayo n'kusamukira ku Nampula kapena ku Maputo mawu achinsinsi ali m'mutu mwake. Koma umphawi wa bungwe suyenera kulipiridwa ndi mlimi kapena wophunzira yemwe ndi wosauka kuposa bungwelo. Yemwe sangathe kusamalira tsamba lodzaza timabokosi akhale ndi tsamba losavuta, la mawu, adiresi, maola a ntchito ndi zolengeza. Yemwe sangathe ngakhale zimenezo alitseke, kusiyana n'kulisiya likhale msampha wokhala ndi dzina lake. Polemba mgwirizano ndi womanga tsamba, mulembemo kuti mawu achinsinsi ndi dzina la tsamba ndi za bungwe, kuti apereke mndandanda wa zobwereka zonse, ndiponso yemwe adzalisamalire chaka chikatha. Dzina la tsamba likatha nthawi osalipiridwa, munthu wina aliyense angathe kuligula n'kuikapo zake.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mozambique ili ndi lamulo la zochitika za pa intaneti, Lei n.º 3/2017, lomwe linapatsa INTIC udindo woyang'anira gawoli, ndipo mu 2021 boma linavomereza ndondomeko ya dziko ya chitetezo cha pa intaneti. INCM imayang'anira makampani a mafoni. Zolembedwazo zilipo. Chomwe tikupempha n'chakuti zifike kwa munthu wa ku Assumane m'njira yomwe angaigwiritse ntchito: malo amodzi odziwika okanenako tsamba lodwala, olengezedwa pa wailesi m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakhuwa, osati m'Chipwitikizi chokha. Tikupemphanso kuti tsamba lililonse lothera ndi gov.mz lionetse poyera nambala kapena adiresi ya woliyang'anira, ndipo madandaulo aziyankhidwa. Masukulu a ukachenjede omwe ali m'chigawo chino, monga UniRovuma, angathe kutuma ophunzira a za makompyuta kukapima masamba a mabungwe ang'onoang'ono ngati gawo la maphunziro awo, eni masambawo atavomereza.

Okonza mafoni nawo tiwapemphe chinthu chimodzi. Musanafufute foni ya kasitomala, tsegulani tsamba lomwe akudandaulalo pa foni yanu. Zimatenga mphindi imodzi. Mungataye ndalama ya tsikulo, koma kasitomala yemwe mwamupulumutsira zithunzi za ana ake adzabweranso, adzabweretsanso anzake.

Ntchito zambiri zikusamukira pa intaneti: kulembetsa mayeso olowera ku yunivesite, kupempha tsiku lokatengera pasipoti, kugula Credelec, kufunsira ntchito. Zonsezi zimayenda pokhapokha munthu akukhulupirira kuti adiresi yomwe walemba imufikitsa komwe akufuna. Woponyedwa ku njuga kawiri katatu amasiya kukhulupirira, amabwerera pamzere kapena kwa wapakati wofuna kangachepe, ndipo ena amafika pozolowera kudina chilichonse chomwe chatulukira. Eni masamba atsegule masamba awo pa foni wamba sabata ino, awerenge zobwereka zomwe zilipo, achotse zomwe sangathe kuzifotokoza. Owerenga akaponyedwa kwina ayese pa foni ya mnansi, ajambule chithunzi, akanene.